Ndinatuluka pa Mgonero Chifukwa cha Nyenyezi

Kutchalitchi kwathu ku Kawale kunali mwambo umene aliyense ankaudziwa. Lamulungu la mgonero, ulaliki ukatha, ankayambitsa nyimbo yaifupi, ndipo nyimboyo ili mkati onse osayenera kudya nawo ankatuluka. Ankatuluka ana, a m'kalasi amene anali asanalandiridwe, alendo a mipingo ina, ndi amene anaimitsidwa chifukwa cha mowa, mitala kapena mimba yopanda ukwati. Otsala ankasendera kutsogolo. Nyimbo imeneyo anthu ankaimba ndi pakamwa pokha, maso ali kukhomo.

Ine ndinali Fomu 2 pasekondale yoyendera, zaka zimene anthu anali atangoyamba kukangana za zipani mokweza m'maminibasi. Ndinali nditalandiridwa mumpingo chaka chapitacho, ndipo mgonero ndinkautenga ndi mantha ndi chikondi chomwe. Ndinalinso mwana wamanyazi kwambiri. Akandituma mchere paokala ndinkayeseza kaye mawu m'njira. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope langa ndikaweruka kusukulu, ndipo n'chifukwa chake ndikukumbukirabe amene ananena chiyani.

Zinayamba Lolemba lina pa phunziro la Jogalafe. Aphunzitsi athu, bambo wamtali amene malaya ake ankakhala ndi choko nthawi zonse, anadinda kadontho pakati pa bolodi.

"Zonse mukuzionazi zinali umu," iwo anatero. "Dzuwa, mwezi, nyenyezi, Kawale yense ndi msika wake."

Anafotokoza m'Chingerezi, kenaka anabwereza m'Chichewa ataona kuti tangoti kukamwa yasa. Anati kadonthoko kanaphulika, zonse zinayamba kumwazikana, ndipo mpaka lero zikumwazikanabe. Fumbi ndi mpweya zinaunjikana n'kukhala nyenyezi. Dziko lathu linali lamoto, linazizira pang'onopang'ono. Atayamba kulemba zaka zake, maziro anafika kumapeto kwa bolodi.

Mnyamata wina wa kumbuyo anaimika dzanja. "Sala, nanga masiku asanu ndi limodzi aja?"

"Amenewo ukalembe Lachinayi pa phunziro la Mawu a Mulungu. Pano undilembere izi. Ukasakaniza, ziro mmodzi pa awa ndi wako."

Kalasi yonse inaseka, belu linalira, anzanga anathamangira kukagula zitumbuwa pampanda. Ine ndinatsala ndikuyang'ana kadontho kaja.

Zikanakhala kuti ndinaziona ngati bodza, sindikanavutika. Koma ndinazikonda. Madzulo ndikutaya madzi otsukira mbale ndinkayang'ana kumwamba n'kumaganiza kuti zonsezo zikuthawana. Kenaka ndinkakumbukira zimene tinaloweza m'kalasi ya kutchalitchi, kuti Mulungu analenga zonse m'masiku asanu ndi limodzi, ndiponso kuti munthu wodya mgonero ndi mitima iwiri amadziitanira chiweruzo. Anzanga ankatha kusunga yankho la Lolemba m'thumba lina, la Lachinayi m'thumba lina. Ine zimenezo zinkandikanika. Ndinkaona kuti tsiku limodzi mwa awiriwo ndikunama, ndipo sindinkadziwa kuti ndi liti.

Ndinayesa kufunsa. Amayi ndinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba, ndinagwada pafupi n'kuyamba kuwathandiza kufinya.

"Amayi, kodi dziko linalengedwadi masiku asanu ndi limodzi? Kusukulu akuti..."

"Kusukulu ukhoze mayeso, kutchalitchi ukapemphere. Finya bwino chitenjecho, chikudontha."

Abambo, amene anali kalaliki m'boma, ndinawafunsa ali ndi wailesi kukhutu, akumvera mpira. Anandikwezera dzanja kuti ndidikire, ndipo ndinadikira mpaka mpira unatha, timu yawo itagonja. Sindinafunsenso.

Lamulungu la mgonero linafika ndisanapeze yankho. Ndinakhala pa benchi ya atsikana. Ndinkadziuza kuti Mulungu akuona mkati, ndipo mkatimo muli kadontho ndi maziro. Nyimbo ija itayamba ndinaimirira. Ndinaganiza kuti ndikuchita chinthu choona, chaching'ono, cha pakati pa ine ndi Mulungu. Zoti pali anthu ena mazana m'tchalitchimo, ndi zimene iwo amaganiza mtsikana wa msinkhu wanga akatuluka pa nyimbo imeneyo, sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinadutsa pafupi ndi mabenchi a amayi a mvano, onse atavala zoyera, amayi anga ali pakati pawo. Ndinamva nyimbo ikuchepa mphamvu mbali imeneyo, koma ndinangoti mwina afika pa ndime imene saidziwa bwino.

Panja ndinaima pansi pa mtengo wa jakaranda. Mayi wina amene anaimitsidwa chaka chimenecho, ali ndi khanda kumbuyo, anandiyandikira n'kundigwira paphewa.

"Pepa, mwanawe. Poyamba pamawawa, koma anthu amadzaiwala."

Ndinathokoza. Ndinaganiza kuti ndi mayi wachifundo kwambiri, woti amamvetsa ngakhale za Jogalafe.

Pobwerera kunyumba amayi anayenda patsogolo, osacheuka, osapereka moni kwa aliyense. Atafika sanavule n'komwe zovala za mvano. Anangosiya chikwama pampando n'kutulukanso. Abambo anakhala pakhonde osatsegula wailesi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Ndinawapititsira madzi osamba m'manja ndi chakudya, sanandiyang'ane.

Dzuwa litapendeka amayi anabwera ndi anthu awiri. Woyamba anali azakhali, mlongo wawo wa abambo, amene ankakhala ku Biwi ndipo ankagwira ntchito kuchipatala cha amayi oyembekezera. Wachiwiri anali amayi apampando a mvano a m'dera lathu, mayi wonenepa wa mawu aakulu amene ndinkamuopa kuyambira ndili wamng'ono. Abambo anaimirira, anati akukaona mnzawo, n'kuchoka. Ine anandilowetsa kuchipinda cha amayi, anayala mphasa, anatseka chitseko ndi katani yomwe.

"Khala apa," anatero azakhali. "Ife ndife amayi ako, tonse atatu. Usatibisire. Mwezi uno wasamba?"

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa zonse: nyimbo yochepa mphamvu ija, mayi wa pansi pa jakaranda, wailesi yosatsegula. Manyazi anandigwira. Ndinafuna kunena kuti inde, ndasamba, palibe chilichonse, koma mawu otere ndinali ndisanawatulutsepo pamaso pa munthu wamkulu. Ndinangoweramitsa mutu, misozi n'kuyamba kugwera pa siketi.

"Mwaona?" anatero amayi apampando. "Akalira choncho ndiye kuti zilipo. Ofatsa omwewa."

Amayi anayamba kulira mwakachetechete, akupukuta maso ndi nsonga ya duku. "Ndi wa kusukulu? Ndi wa kwaya? Mwana ameneyu satuluka pakhomo pano, alamu. Ndimamutuma paokala pokha."

"Paokala pali anyamata," anatero amayi apampando.

Azakhali sanataye nthawi ndi zongoganizira. Ananditsegula zikope, anandiyang'ana zikhatho, anandigoneka chagada n'kundisindikiza pamimba ndi zala zozizira. Anandifunsa mafunso oti ndingogwedeza mutu, ndipo ndinagwedeza. Anabwerezanso ena mwa njira ina kuti aone ngati ndisintha. Kenaka anakhala tsonga n'kupukuta manja pachitenje.

"Alamu, mwanayu alibe kanthu."

"Mwaonetsetsa?"

"Ntchito yanga ndi imeneyi. Mulibe kanthu umu, mwina njala."

Amayi anasiya kulira, ndipo nkhope yawo inayamba kusintha mwa njira imene ndinkaidziwa bwino.

"Nanga unatulukiranji?"

"Chifukwa cha nyenyezi."

"Chani?"

Ndinafotokoza, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa m'mawa. Ndinanena za kadontho, za kuphulika, za maziro, za masiku asanu ndi limodzi, za mitima iwiri. Ndinati sindinafune kudya mgonero monama. Inali nthawi yoyamba kulankhula motalika chonchi pamaso pa akuluakulu, ndipo pansi pa mtima ndinkayembekeza kuti mmodzi mwa atatuwo andiyankha.

"Ine ndayenda wapansi dzuwa lonseli mpaka ku Biwi, ndi zovala za mvano, anthu akundiyang'ana, chifukwa cha nyenyezi?" anatero amayi. "Bwanji sunandifunse?"

"Ndinakufunsani, amayi. Mukuchapa."

"Unandifunsa liti? Usandinamizire."

"Ndi matipate ameneyu," anatero amayi apampando. "Kale mwana ankaphunzira mitsinje ndi mapiri. Pano aliyense ali ndi maganizo ake, mpaka dziko akuti linaphulika. Likanaphulika bwenzi tili pano?"

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Palibe amene anabwerera ku funso langa. Kwa iwo nkhani inali itatha pamene azakhali anapukuta manja. Ndinakhala pamphasapo nditakwiya ndi onse atatu, mkwiyo wa munthu wamanyazi umene umangotentha makutu.

Koma poti anali atasonkhana kale ndipo chitseko chinali chotseka, azakhali anati asawononge ulendo, andilangize lero lomwe. Anandiuza zoti ndizisamala, ndipo kenaka, monga ankachitira ndi amayi a kusikelo, anafotokoza mmene mwana amayambira. Anati poyamba kamakhala kadontho koti maso sangakaone. Kamagawikana, kamagawikananso, mpaka msana kuoneka, mtima kuyamba kugunda, timanja kuphuka ngati nyemba, zala kupatukana. Anawerenga miyezi pa zala zawo, uliwonse ndi ntchito yake, mpaka wachisanu ndi chinayi. Amayi ndi amayi apampando ankavomereza ndi mutu. Zonsezi ankazidziwa, anali atazinyamula m'matupi mwawo.

"Tiyeni titseke ndi pemphero," anatero amayi apampando.

Anapemphera ndi mawu awo aakulu aja, oti a nyumba yoyandikana nayo anamva ndithu. Anathokoza Mulungu kuti manyazi atipitirira. Anathokoza Mulungu amene amaumba mwana aliyense m'mimba mwa mayi ake ndi dzanja lake, amene anaumba mtsikana uyu, maso ake, zala zake, ndi mutu wake wovutawu. Azakhali anavomera ameni mokweza kuposa onse.

Ine ndinatsegula maso pemphero lisanathe. Mayi yemweyo amene anangomaliza kuwerenga miyezi pa zala ndi amene ankavomera kuti anaumba ndi Mulungu, ndipo nkhope yake sinkaoneka ngati ya munthu wa mitima iwiri.

Anandituma kuperekeza azakhali mpaka pamsewu waukulu. Ndinawanyamulira kachikwama, tikudutsa pakati pa mipanda ya maudzu, ana akusewera fulaye m'njira. Tili pafupi kufika ndinalimba mtima.

"Azakhali, ndiye mwana amamuumba ndi Mulungu, kapena amakula mmene mwanenera muja?"

"Funso lanji limenelo? Zonsezo."

"Zingatheke bwanji zonse?"

"Iwe umafuna aziumba bwanji, ndi chikombole cha njerwa? Mmene ndanenera muja ndi mmene amaumbira."

"Nanga dziko?"

"Dziko likubadwa ine sindinali pantchito. Bweretsa chikwamacho. Ndipo ukapepese amayi ako, wawayendetsa."

Anawoloka msewu osacheuka. Sanadziwe kuti andipatsa kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti akanadziwa akanandiuza kuti ndisiye zamasewera.

Masiku otsatira ndinkaganiza ndekha, popita kusukulu ndi pobwerera. Ndinakumbukira kuti mng'ono wanga atafunsa kumene anachokera, amayi anamuuza kuti anatipatsa ndi Mulungu. Sananame. Koma sanamuuzenso za miyezi ndi zala zopatukana, chifukwa si zimene mwanayo ankafunika kumva. Ndinatsegulanso tsamba loyamba la malemba n'kuliwerenga pang'onopang'ono, osati moloweza ngati m'kalasi. Ndinaona chinthu chimene ndinkachidumpha nthawi zonse: kuwala kukubwera tsiku loyamba, koma dzuwa likubwera tsiku lachinayi. Ndiye masiku oyambawo ankayezedwa ndi chiyani? Sanali masiku oti tambala alira, ana apita kusukulu, dzuwa lalowa kuseri kwa Chinsapo. Sindinganene kuti zonse zinalongosoka. Mafunso ena ndili nawo mpaka lero. Koma ndinasiya kudziona ngati wabodza. Lolemba ndinkamva za mmene zinakulira, Lamulungu ndinkathokoza amene anazikuza, ndipo amene amadekha miyezi yonse ija ndi mwana mmodzi sindinaone chifukwa choti athamangire ndi nyenyezi.

Nkhani yotuluka pa mgonero simathera m'chipinda. Loweruka lotsatira kunabwera mkulu wa mpingo woyang'anira mabanja a m'dera lathu, bambo wachikulire woyenda pa njinga, buluku atalimanga ndi mphira kumwendo. Amayi apampando anali atamuuza kale zotsatira za kuchipinda, choncho anafika ali womasuka. Anakhala pampando wa abambo, anamupatsa tiyi, ine ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Ndamva kuti mlandu woti upite kwa akulu palibe," iye anatero. "Koma ndifunse ndekha. Ukukhulupirira kuti kumwamba ndi dziko analenga ndi Mulungu?"

"Inde, abambo."

"Nanga za masikuzo?"

Amayi anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndingoti inde. Ndinayang'ana pansi.

"Ndikuganiza kuti masiku ake si ofanana ndi athu."

Anapemerera tiyi kwa kanthawi. "Ena amatero, ena amakana. Ndinamvapo abusa awiri akukangana zimenezi pamaliro mpaka chakudya kuzizira. Ine sindingakuletse mgonero pa zimenezo. Koma mwananga, ukakhala ndi funso ubwere nalo kunyumba kwanga, amayi ako akuperekeze. Usamatuluke nalo pa nyimbo. Anthu aja sakudziwa za nyenyezi zako. Ayamba kale kuwerenga miyezi."

Ankanena zoona, ndipo zimenezi ndi zimene zinanditopetsa kuposa zonse. Pampopi pamene tinkatunga madzi, azimayi ankasiya nkhani ndikafika, n'kundipatsa moni maso ali pamimba. Wina anandilanda ndowa, akuti ndisamanyamule zolemera. Mnzanga wa pabenchi imodzi kusukulu anauzidwa ndi amayi ake kuti asamayende nane. Ndipo amayi anga anayamba nkhondo yawoyawo. Inali nyengo yozizira, mphepo ya m'mawa yolowa m'mafupa, koma juzi anandiletsa.

"Ukavala juzi anena kuti ukubisa."

"Amayi, kukuzizira."

"Unkatuluka m'tchalitchi sunkadziwa kuti kudzazizira? Pisira bulauziyo mkati."

Ndowa yaikulu kwambiri pakhomo inakhala yanga, ndipo ankandituma nthawi imene pampopi pali anthu ambiri. Ndinayesa kuwauza kuti miyezi ikadutsa anthu aona okha. Anati miyezi ikadutsa anthu anena zina zoipa kuposa pamenepo, zoti ndinachotsa mimba, ndiye aone tsiku lililonse. Za kadontho, za masiku, za zimene ndinapeza pa tsamba loyamba lija, palibe anandifunsa. Aphunzitsi a Jogalafe anali atafika kale pa mitundu ya miyala, osadziwa chilichonse.

Mgonero wotsatira utayandikira, amayi anandigulira diresi pakaunjika, labuluu, lokhala ndi lamba. M'mawa wa Lamulungu anandimanga lambayo okha, anaona kuti sakuthina mokwanira, anatenga msomali n'kuboola bowo lina.

"Amayi, sindikupuma."

"Ukapuma pobwera."

Ndinakhala pa benchi ya atsikana nditawongoka ngati mtengo wa magetsi, chifukwa kupinda kunali kosatheka. Ulaliki unatha, nyimbo ija inayamba. Ana anatuluka, a m'kalasi anatuluka, mayi wa pansi pa jakaranda uja anatuluka ndi khanda lake n'kundiyang'ana kamodzi. Ndinamva maso a mbali ya mvano ali pa ine. Ndinadzifunsa, monga ndinadzifunsira ulendo woyamba, ngati mkati mwanga muli bodza. Kadontho kanali momwemo, maziro analinso momwemo, koma bodza sindinalipeze. Ndinasendera kutsogolo pamodzi ndi ena.

Amene anafika ndi mbale ya mkate pa benchi yathu anali mkulu wa njinga uja. Sanandiyang'ane mwapadera, anangotsitsa mbale monga amachitira kwa aliyense. Ndinatenga kachidutswa kanga, kenaka kakapu kanga. Ndinathokoza amene anaumba zala zimene ndinagwirira kakapuko, ndi zonse zakumwamba zimene zikumwazikanabe. Pemphero langa linali lalifupi chifukwa cha lamba.

Pobwerera amayi anayenda pambali panga, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sitinkawadziwa bwino. Titapitirira msika, anthu atachepa, anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndiye nyenyezi zako zija zinatha bwanji?"

Ndinadabwa mpaka ndinaima. Miyezi yonseyo ndinkadikira funso limeneli.

"Amayi, mukudziwa kuti kuwala kunabwera tsiku loyamba, koma dzuwa..."

"Dikira," anatero amayi. Anali ataona mayi uja wondilanda ndowa akubwera kutsogolo kwathu. Anandigwira pamkono n'kundikankhira patsogolo pang'ono. "Chotsa manja pamimbapo. Wongoka. Apatse moni."